Phokoso la m'Gitala ya Achimwene

Ana anga, ndi inu adzukulu mukadzakula, za ubwana wanga sindilemba. Mukazifuna mukafunse azakhali anu, ngakhale theka la zimene angakuuzeni n'zowonjezera. Ine ndiyambira pamene ndinayamba ntchito. Ndikulemba ndekha ndi dzanja langa chifukwa nkhani ikadutsa pakamwa pa anthu awiri imafika itavala malaya a eni.

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri, ku Lilongwe

Ndinalembedwa ntchito yotayipa makalata pa ofesi ina imene inkajambula mapologalamu a ulimi n'kumawatumiza ku wailesi. Ofesiyo inali ndi zipinda zitatu, ndipo chachitatucho anachikhomera masaka ndi makatoni a mazira m'zipupa kuti mawu asamabwerere. Ndinatayipa miyezi isanu ndi umodzi, maso ali pa pepala, makutu ali ku chitseko cha chipinda chimenecho. Ndinkafuna kudziwa chimene amuna aja ankachita mmenemo tsiku lonse, poti potuluka sankaoneka otopa. Mkulu wa ofesi, a Kachingwe, anali bambo wamtali wosaseka ndi munthu. Tsiku lina anandipeza nditaima pakhomopo ndi kalata m'manja.

"Mayi Nambewe, mukutayipa kapena mukumvetsera?"

"Zonse ziwiri, bwana."

Ndinkayembekeza kukalipidwa, koma anandilowetsa n'kundiveka mahedifoni. "Mukumva chiyani?" Ndinati ndikumva bambo akufotokoza za manyowa. Iwo anati, "Bamboyo msiyeni. Kuseri kwake kuli chiyani?" Ndinatseka maso, ndipo patapita kanthawi ndinamva kakulira kakang'ono kosalekeza. Ndinaloza nyali yaitali ya kudenga. A Kachingwe anaizimitsa, kulirako kunatha. Anangoti, "Anyamata atatu akhala akufuna phokoso limeneli kuyambira Lolemba." Mwezi wotsatira makina otayipira anapatsidwa munthu wina.

A Kachingwe anandiphunzitsa kuti wojambula mawu ndi mlenje wa phokoso. Mawu otuluka mu maikolofoni amakhala ofooka kwambiri, ndiye asanalowe mu makina ojambulira amadutsa m'kabokosi kowakweza, kamene amisiri amakatchula priampu. Kabokosi kabwino kamakweza mawu okhawo amene kapatsidwa. Koipa kamathiramo zakezake, kaphokoso ka sii ngati mvula ikugwa patali. Pokayesa ankakulunga maikolofoni m'bulangete, n'kupotokola kabatani mpaka kumapeto, n'kumvetsera. "Mukamva chinthu pamene palibe chinthu, kabokosiko n'kabodza," ankatero. Lamulo lawo lina linali lakuti mahedifoni ndi a wojambula yekha. Mlimi akangodzimva mawu ake amasiya kuyankhula ngati mlimi, amayamba kuyankhula ngati akufuna uphungu. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito, palibe amene ndinkamujambula anavalapo mahedifoni anga.

Patatha zaka zisanu ndi zitatu, ku Mtakataka

Ananditumiza kuti ndizijambula alimi ndi asodzi a kumunsi kuno. Ena ankati n'chilango chifukwa cha kutentha, koma kwa ine kunali kubwerera kwathu, pakuti mudzi wathu uli m'dera la a Kachindamoto. Anandipatsa njinga, chojambulira cha pa phewa, ndi lonjezo la mabatire limene linkakwaniritsidwa mwezi wina, mwezi wina ayi. Matepi ankafewa ndi dzuwa, ndinkawasunga mu mtsuko wouma pansi pa bedi. Mabatire ndiwo anandiphunzitsa anthu. Ndinkasiya atsopano mu kabati ya ofesi imene tinkagawana ndi alangizi, m'mawa n'kupeza akufa nditajambula mphindi khumi zokha. Ndinayamba kuwalemba kamzere ndi singano pansi pake. Sabata yomweyo ndinawapeza mu wailesi ya munthu amene ankandipatsa moni kawiri pa tsiku n'kumafunsa za ana. Sindinamunene, koma kuyambira pamenepo chilichonse changa chinkagona m'chikwama changa, ndipo munthu akandisekerera kwambiri ndinkayamba kuwerenga katundu wanga.

A Kachingwe atapuma kunabwera a Mayi Gondwe, amene analetsa matepi n'kubweretsa makompyuta. Anzanga awiri anasiya ntchito poopa manyazi. Ine ndinkafuna kuona mmene mawu angagonere m'chinthu chopanda chozungulira, ndiye ndinaphunzira, ndikulemba njira zonse m'kope. Ndinapeza kuti kompyuta nayonso imafuna kabokosi komwe kaja, kungoti tsopano kanachepa.

Zaka zimenezo ndinkaonana kawirikawiri ndi alongo anga aakulu, a Sitefano, amalume anu. Anali kalipentala, komanso ankaimba gitala pa maukwati, pa ziliza ndi pa mowa. Nyimbo zonse zinali zopeka okha. Ndinkawamva nthawi zonse pakati pa anthu, ena akuwomba m'manja, ena akululutira, ndipo sindinakhalepo nawo awiri m'nyumba iwo akuimba. Kamodzi anandifunsa, "Achemwali, asodzi onse a m'nyanjamu mwawamaliza. Ine ndi liti?" Ndinati katundu wa ofesi si wa pachibale, anthu akanena. Anaseka, nati, "Anthu ake ati? Inu mumaona anthu ndi kuseri kwa chitsotso cha udzu." Sanafunsenso.

Chaka chimene ndinapuma ntchito, mwezi wa Seputembala

Chinthu ndinachiona ndine, a Sitefano asananene. Pa maliro ena ndinaona akumanga mabatani a malaya ndi dzanja lamanja lokha. Kapu ankainyamula ndi manja awiri. Nditawapanikiza anandionetsa dzanja lamanzere, lija logwira nsambo: zala ziwiri zakumapeto zinali zitayamba kupindika, mfundo zake zotupa. Kuchipatala anati ndi nyamakazi, anawapatsa mankhwala ochepetsa ululu, nawauza kuti achepetse khasu. Ndinadziwa kuti mvula ikagwa khasu sadzalisiya, ndipo dzanjalo silidzafika pa kukolola lili momwe linalili. Nyimbo zawo zinali m'zala zimenezo basi, panalibe wina aliyense wozidziwa kuimba.

Tadala mwana wanga, iwe unanditumizira kompyuta yako yakale ndi maikolofoni kuchokera ku Blantyre, zikomo, ngakhale chingwe chimene unati chilimo sichinalimo. Chinatsala ndi kabokosi. Ndalama zopumira ntchito zinali zisanatuluke, kotero ndinkafuna kotsika mtengo koma kosanama. Gitala yopanda magetsi imalira motsika, imafuna kukwezedwa kwambiri, ndipo pokweza mpamene kabokosi koipa kamaonetsa khalidwe lake. Anthu anandilozera kwa a Ishumaili ku Golomoti, bambo wachikulire amene amakonza mawailesi ndi mafoni n'kumabwereketsa zokuzira mawu pa maukwati. Aliyense amangowatchula a Fundi, kutanthauza mmisiri. Ndinapita ndi kompyuta, maikolofoni ndi bulangete.

"Mayi, bulangete dzuwa lonseli? Mugona pano?"

"Ndigona ngati katundu wanu akhale wabodza, a Fundi. Tulutsani."

Anatulutsa zitatu. Choyamba chinali chachikulu cha mabatani ambirimbiri chimene amapita nacho ku maukwati. Ndinakulunga maikolofoni, ndinakweza, ndinamva mvula ya sii nthawi yomweyo, komanso chinkafuna magetsi a pakhoma amene kwathu amabwera ngati mlendo. Chachiwiri chinali ndi kagalasi koyaka mkati, a Fundi anati chimapatsa mawu kufunda. Ndinati kuno kufunda tili nako kokwanira, ndipo mtengo wake unali wa mbuzi zingapo. Chachitatu chinali kabokosi kakuda kokwana m'manja, kodya magetsi a kompyuta yomweyo, ka mabowo awiri, kali ndi kabatani kotumiza mphamvu ku maikolofoni, poti mtundu umene unanditumizira suyankhula popanda mphamvu imeneyo. Ndinakweza mpaka kumapeto. Chete. Ndinaika wotchi ya a Fundi m'bulangetemo, ndinaimva ikugunda bwinobwino popanda china kuseri kwake. Ndinakayesa katatu chifukwa kanali kotsika mtengo kuposa zonse, ndipo zimenezo zinkandikayikitsa.

"Chavuta n'chiyani ndi kameneka?" ndinafunsa.

"Palibe, mayi. Anyamata sakafuna chifukwa kalibe magetsi othwanima." Ndinalipira n'kukatenga.

Okutobala

Tinajambulira kunyumba kwanga m'mawa, nkhuku nditazitsekera kutali, mabulangete nditapachika m'mawindo. Maikolofoni ndinaiika pafupi ndi pamene khosi la gitala limakumana ndi mimba yake, kutalika kwa chikhatho ndi theka. A Sitefano anabwera atavala jekete ngati akupita kukajambulitsa chithunzi. Anati ayamba ndi yovuta zala zisanatope. Imeneyi inali nyimbo yawo ya sitima, imene anapeka pokumbukira tsiku limene bambo athu anatsika sitima pobwera ku migodi. Pakati pake pali malo pamene mawu amaleka, zala zokha n'kumathamanga ngati mawilo pa njanji. Tsiku limenelo anaiimba yonse, osaphonya ngakhale pamodzi. Koma ine m'mahedifoni ndinkamva china. Nsambo yaikulu ikangogundidwa, kuseri kwake kunkabwera kakunjenjemera, njrr, njrr, ngati kachitsulo kamasuka penapake. Mtima wanga unati: ndinadziwa.

Atamaliza anapukuta thukuta. "Tatimvetseniko, achemwali."

"Mahedifoni ndi a wojambula, achimwene. Komanso palibe choti mumve, kabokosika kawononga. Tibwereza ndikakasintha."

Ndinafufuta nyimboyo pomwepo, iwo akuona. Pa ntchito chojambula chaphokoso sitinkachisunga, kuopa kuti wina angachitumize ku wailesi dzina lako lili pamenepo.

A Fundi anayesa kabokosiko ndi mawu awo, nawerenga kuyambira wani mpaka teni, kanalira bwino. Ndinati n'zoona, kamabisa pamaso pa mwini wake. Sanakangane nane. Anati aitanitsa ka mtundu wina ku Lilongwe. Kanatenga masabata awiri ndi theka. Kachiwirika nakonso kanapambana mayeso a bulangete, koma a Sitefano atangogunda nsambo yaikulu, njrr uja anabweranso. Apa chidwi chinandigwira kuposa mkwiyo. Phokoso lanji limene limagona pamene pali chete, n'kumadzuka ndi nsambo imodzi? Ndinasintha chingwe. Ndinazimitsa foni. Ndinaganiza kuti ndi malata a denga, tinatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinavulitsa achimwene jekete poganizira zipi, ndinawakhuthulitsa makobidi m'thumba. Iwo ankangomvera, akundiyang'ana ngati namwino amene sakunena dzina la matenda. Pomaliza ndinagamula kuti timabokosi tonse tiwiri n'togulidwa kogulitsa zakufa, tosalimba mawu okhuthala, ndipo a Fundi akudziwa.

Ndinapita ku Golomoti tsiku la msika. Zimene ndinanena sindizibisa. Ndinawatchula wakuba, anthu ogula matcheni a njinga ndi odikira minibasi akumva. Ndinati amadyera amayi okalamba poganiza kuti sitidziwa kanthu. A Fundi anandibwezera ndalama zanga zonse osachotsapo.

"Wallahi, mayi, ine sindinakubereni. Bweretsani gitalayo ndiione."

"Kuti mundilipiritsenso kukonza gitala yabwinobwino? Ndakudziwani."

Novembala

Mvula inagwa msanga chaka chimenecho. A Sitefano analowa m'munda monga ndinkaopera. Ine ndinakhala ndi kompyuta yopanda kabokosi, ndikudikira ndalama kuti ndipite ndekha ku Lilongwe. Koma funso lija silinandisiye. Ndikamapalira, ndikamachapa, linkabwera. Timabokosi tiwiri tosiyana, topangidwa ndi anthu osiyana, tinganame bwanji bodza limodzi, pa nsambo imodzimodzi? Pa ntchito yanga yonse mboni ziwiri zikagwirizana chonchi ndinkati zapangana. Tsiku lina ndinadzifunsa kuti bwanji ngati sizinapangane.

Ndinapita kwa achimwene iwo ali kumunda. Alamu anga anaPhiri anandipatsa gitala monyinyirika, poti sikhudzidwa ndi munthu. Ndinalowa nayo m'nyumba, ndinagunditsa khutu pa thabwa lake, n'kukoka nsambo yaikulu. Njrr. Popanda maikolofoni, popanda kabokosi. Kanali kakang'ono kwambiri, koti pakati pa anthu owomba m'manja sungakasiyanitse, kamangosungunuka m'nyimbo. Ndinabwereka kagalasi koyang'anira nkhope ka alamu, ndinakalowetsa pa bowo la gitala, ndinaunika ndi tochi ya foni. Mkati, kumtunda kumene diso silifika, munali kawaya kokhomedwa mbali zonse ziwiri, ndipo pa kawayapo panali timphete tinayi todulidwa ku chitini, tadzimbiri.

Achimwene anandipeza ndili chomwecho, khasu lili pa phewa.

"Nambewe, ukufuna chiyani m'mimba mwa gitala yanga?" Akakwiya ulemu wa uchemwali umathawa.

"Timeneti n'tiyani, achimwene?"

Anakhala pansi pa mpando, natenga gitalayo n'kuiika pa miyendo. "Timaseche tanga. Agogo ankaika totere pa bangwe wawo, sukumbukira? Chingwe cholira chokha chili ngati munthu woyankhula m'nyumba yopanda katundu. Kale tinali panja, apa. Ndili mnyamata ndinkaimbira kwaya, mphunzitsi wa kwayayo anati ndichotse, akuti n'zakumowa. Ndinavomera, ndinapita kunyumba, n'kutilowetsa mkati. Anandiyamikira kuti gitala yayamba kulira mwaulemu." Anaseka pang'ono, kenaka anasiya. "Ufunsiranji?"

Ndinawauza. Anayamba kupinda ndi kutambasula zala zija, zimene tsopano zitatu zinali zosawongoka.

"Ndiye phokoso limene wakhala ukulisaka mwezi wonsewu ndi limeneli? Unandivula jekete. Bwanji sunandipatse zam'makutuzo tsiku loyamba lija? Ndikanakuuza mpweya umodzi usanathe."

Lamulo la a Kachingwe linali labwino kwa alimi a manyowa. Sindinaganizepo kuti mwini nyimbo angadziwe za kulira kwake kuposa wojambula.

Panali njira ziwiri. Kudikira ndalama ndi ulendo wa ku Lilongwe, kumene palibe akundidziwa, mwina mpaka Januwale. Kapena kubwerera ku Golomoti mawa lake. Ndikuuzani zoona, ndinayang'ana njira ya ku Lilongwe usana wonse. Pa moyo wanga ndinali ndisanapepesepo munthu wamalonda. Koma ndinali nditaziona zala zija. Ndinasankhanso kupita tsiku la msika, chifukwa chipongwe chinachitikira pa anthu. Gitala ndinaibereka kumbuyo ndi chitenje.

A Fundi atandiona anapitiriza kuwotcherera waya. Ndinaima pakhomo n'kukweza mawu kuti a matcheni a njinga amve.

"A Fundi, ndinakunenani wakuba pano. Ndinalakwa. Katundu wanu anali wabwino, wabodza ndinali ine."

"Bwerezani, mayi, khutu ili ndi la wailesi, limagwira patalipatali."

Ndinabwereza. Anthu anaseka, iwonso anaseka, nandipatsa mpando. Atasuzumira m'gitalamo ndi kagalasi anagwedeza mutu. "Mashallah. Ndiye kabokosi kanga kanamva timphete tobisika zaka zonsezi, inu n'kukapatsa mlandu chifukwa cha makutu ake abwino." Kachiwiri kaja anali atakabweza ku Lilongwe. Koyamba, kotsika mtengo kaja, kanali pa shelefu pomwepo, fumbi lili mbuu. Ndinatulutsa bulangete. Anati, "Mayi, mpaka lero?" Ndinati kupepesa n'kwina, kuyesa n'kwina.

Disembala

Tinajambula masiku asanu ndi limodzi, m'mawa uliwonse iwo asanapite kumunda, dzanja atalinyika kaye m'madzi ofunda. Tsiku loyamba ndinavula mahedifoni n'kuwaveka. Anakoka nsambo yaikulu, anadzidzimuka, anakokanso. Kenaka anayamba kundilamula. "Sendeza kamtengo kakoka kufupi ndi bowo. Ayi, wapitirira, kakumveka ngati mphika. Bwerera pang'ono. Pamenepo." Malo amene anasankha sanali amene ndinaphunzitsidwa, koma nditamvetsera ndinapeza kuti timaseche tija takhala pansi pa nyimbo ngati mchenga pansi pa madzi, ndipo gitala yayamba kumveka ngati ya achimwene, osati ya munthu wina aliyense. Tadala, unandifunsa pa foni ngati kompyuta ingachotse kunjenjemerako kuti nyimbo zimveke zaukhondo. Ingathe. Musadzayese.

Nyimbo zoyenda pang'onopang'ono zinatheka zonse. Zina anazisintha kagwiridwe kuti zala ziwiri zikwanitse, ndipo amene sanawamve kale sangadziwe. Ya sitima tinaisiya komaliza. Anayamba bwino, mawu ali amphamvu. Titafika pothamanga paja zala zinakana. Anayesanso, zinakana pomwepo. Kachitatu chala chapakati chinakakamira pa nsambo, anachichotsa ndi dzanja linalo. Ine ndinkangoona mzere wa mawu ukuyenda pa kompyuta wopanda kanthu, ndikudziwa kuti mu Okutobala malo amenewa anali odzaza.

"Achimwene, ndinali nayo yonse. Ndinaifufuta ndine."

"Ndinaona, ndinalipo." Anawongola msana. "Ukuidziwa mmene imayendera?"

"Ndaimva kuyambira ndili mtsikana."

"Ndiye ine ndizigunda yaikuluyi, imeneyi chala chachikulu chikwanitsa. Pothamangapo uyimbe ndi pakamwa."

"Ine? Ine ndine wojambula."

"Wojambulayo ndi amene anatitayitsa sitima. Sendera kuno, Nambewe."

Ndinasendeza mpando. Zaka zoposa makumi awiri ndinagwira maikolofoni, mawu anga anali asanalowemo ngakhale kutsokomola.

Mukadzamvetsera nyimbo yomalizayo, mudzamva gitala ikuyenda bwino mpaka pakati. Kenaka mudzamva nsambo imodzi yokha ikugunda ndi timaseche take, ndi mayi wina wa mawu osasa akuti tindi-ndi-ndi, tindi-ndi-ndi, akutsalira pang'ono, mpweya ukumuthera. Ameneyo ndine. Pamenepo panali zala za amalume anu.